Magazi a Nkhunzi pa Nsanama

Botolo lija linafika pa Nsanama litakulungidwa m'juzi, pansi penipeni pa chikwama cha alamu anga amene ankachokera ku Joni. Anali atatha zaka zinayi m'nyumba ina yodyera ku Johannesburg, kuyambira kotsuka mbale mpaka kufika poperekera zakudya pathebulo, ndipo pobwerera kumudzi sanafune kuti tingoona njinga ndi wailesi monga timaonera kwa anzawo onse. Anafuna tione kuti abwera ndi nzeru. Pachipepala cha botololo panali mutu wa ng'ombe yamphongo ndi mawu awiri, Egri Bikavér.

"Uyutu ndi vinyo wa ku Hungary, alamu," anatero. "Dzina lakeli ndiye kuti magazi a nkhunzi. Ameneyu samwera usipa ayi. Amafuna nyama yofiira, yonona, yothira tsabola."

Amalume, Msilamu wosaphonya swala, anali pamkeka chapatali pang'ono ndi chikho chawo cha thobwa. Atamva za magazi anapukusa mutu. Mowa ndi haramu, magazi ndi haramu, ndiye azungu atenga zonse ziwiri n'kuziika m'botolo limodzi? Tinaseka mpaka nkhuku kubalalika. Koma alamu anawonjezera mawu amene anandikhala pamtima. Anati azungu amadziwa kuti chakumwa chilichonse chili ndi chakudya chake, pomwe ife timangomwa chomwe chapezeka. Akuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumo ka alamu kanameta podutsa. Pa Nsanama pano, pamsewu wochokera ku Liwonde kulowera ku Ntaja, anthu akhala akusankha chomwera ndi chodyera kwa zaka zambirimbiri. Kungoti wosankha sanali lilime lokha.

Tiyambe tamupatsa ulemu wake mlendoyu. Eger, kwawo kwa vinyoyu, ndi tauni ya kumpoto chakum'mawa kwa Hungary, m'munsi mwa mapiri a Bükk. M'chaka cha 1552 asilikali a ufumu wa Ottoman, womwe likulu lake linali ku dziko lomwe lero timati Turkey, anazinga linga la tauniyi. M'kati munali anthu pafupifupi 2,000 okha, wowatsogolera ali István Dobó, ndipo anapirira masabata oposa asanu mpaka adani aja anatopa n'kubwerera. Nthano imati oteteza lingawo ankamwa vinyo wofiira, ndevu zawo n'kumadontha zofiira, ndipo adaniwo poona mphamvu zawo anaganiza kuti akumwa magazi a nkhunzi. Ndi nthano yokoma, ndipo ogulitsa vinyo amaikonda, koma dzinalo linayamba kuoneka m'zolembedwa patapita zaka pafupifupi 300. Mlakatuli János Garay analitchula mu 1846, ndipo iye ankanena za vinyo wa ku Szekszárd, dera lina la kum'mwera. Chomwe nthano imadumpha n'chakuti mu 1596 a Ottoman anabweranso n'kulanda Eger, nakhalamo mpaka 1687. Nsanja ya mzikiti wawo ikadalipo pakati pa tauniyi. Mbali imeneyi amalume anaimvetsera bwino, nafunsa kawiri ngati ikadaimadi.

Vinyo ameneyu sachokera ku mtundu umodzi wa mphesa. Amasakaniza mitundu ingapo, koma msana wake ndi mphesa yotchedwa Kékfrankos. Kale Kadarka ndiyo inali patsogolo, nthenda ya tizilombo todya mizu isanawononge minda cha m'ma 1880. Amamusunga m'migolo ya matabwa, m'mapanga osema m'mwala wofewa wa m'derali. Akafika pakamwa amayamba ndi kuwawasa, kenaka kafungo ka zipatso zakuda ndi tsabola wakuda, pomaliza n'kusiya khambi lomanga m'kamwa. A ku Ulaya amamufanizira ndi zipatso zomwe kuno sizimera. Ine ndinamva jambula, uja timadya tili ana mpaka lilime kuda, makamaka wosapsetsa. Khambi limenelo limachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo likakumana ndi mafuta a nyama limafewa, pomwe kuwawasa kumatsuka mafutawo kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba. N'chifukwa chake ku Hungary amamwera gulyás ndi pörkölt, nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali ndi anyezi wambiri ndi paprika. Mawu akuti gulyás amatanthauza mbusa wa ng'ombe. N'chakudya cha kubusa chimenecho, osati cha mafumu. Paprika naye ndi mlendo kwawoko: kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo anafika ku Hungary m'nthawi ya a Ottoman omwewo. Ndi mbale wake wa kambuzi wathuyu, anangosiyana njira.

Tsono tibwerere kwathu, chimanga chisanalande minda yonse. Anthu amene ankakhala pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta, Anyanja ndi Amang'anja, ankadalira mapira, mawere ndi mchewere. David Livingstone, amene anafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, analemba kuti anthu a m'madera ano ankafulula mowa wochuluka, ndipo monga mmishonale zinamudandaulitsa. Chimene mlendo wodutsa sakanachiona msanga n'chakuti mowawo unali ndi ntchito. Wofuna kuswa mphanje kapena kupalira munda waukulu ankafulula mowa wa dima, anthu n'kubwera ndi makasu m'mamawa, dzuwa likafika paliwombo n'kukhala pamthunzi kuzungulira mbiya. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankathira mowa patsinde pa mtengo wa nsembe. Maliro akatha, mowa ndiwo unkatsekera. Mlandu ukagamulidwa, olakwirana ankamwera chipanda chimodzi.

Kafululidwe kake ndimakadziwa chifukwa ndinakulira pafupi ndi mafuwa a agogo anga aakazi. Chiyambi ndi chimera. Amanyika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi mpaka zitatulutsa timizu toyera, kenaka kuyanika padzuwa ndi kusinja. Amaphika phala lamadzimadzi mumbiya yaikulu, ndipo likazizira mpaka chala kupirira, amathira chimera chija n'kutakasa. Apa pamachitika chodabwitsa chimene ana timachiyang'ana kukamwa kuli yasa: phala lolimba lija limasungunuka lokha n'kuyamba kutsekemera, popanda wothiramo shuga. Chimera ndicho chimasandutsa ufa kukhala shuga. Likagona usiku umodzi, m'mawa amaliwiritsanso, ndipo limenelo ndi thobwa. Mwana amamwa, wodwala amamwa, mayi woyamwitsa amamwa. Koma mukalisiya masiku ena angapo, n'kuthiranso chimera, limayamba kutuwira ndi kulira pansipansi, kutsekemera kuja kumachoka, kuwawasa kumalowa, ndipo mwapeza masese. Thobwa ndi mowa ndi ana a mbiya imodzi. Chowasiyanitsa ndi masiku basi, ndipo mbiri yonse ya zakumwa pa Nsanama yagona pa masiku amenewo.

Masese samwera nsima. Iwo eni ndi nsima yomwa, ndipo munthu akagwira zipanda ziwiri saonanso njala. Chimene amafuna ndi kanthu kakang'ono, kouma, kamchere, konunkhira utsi. Apa nyanja ya Chilwa ndiyo inkalamula. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo imabereka matemba, milamba ndi makumba mwa unyinji wodabwitsa zaka zimene ili bwino. Matemba okazinga pachiphale, kapena mlamba wowamba wong'amba ndi zala n'kusunsa pamchere ndi tsabola, ndiye bwenzi la masese kuyambira kale. Utsi ndi mchere zimaitana ludzu, kuwawasa kwa mowa kumachotsa fungo la nsomba, ndiye dzanja limangoyenda pakati pa mbale ndi chipanda. Ndi nzeru yomweyo imene alamu anaiphunzira atavala tayi ku Johannesburg. Nyanja ikauma, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, pabwalo la mowa pamatsala mtedza wokazinga ndi chinangwa chootcha, ndipo akuluakulu amadandaula kuti mowa wa chaka chino sukukoma, pomwe chasowa ndi nsomba. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimalowa m'malo. Mbewa nazo zili ndi okonda ake, koma pa Nsanama wodya mbewa amayamba wayang'ana kaye amene wakhala naye pafupi.

Kuyang'anako kunayamba ndi kubwera kwa Ayao. Kwawo kunali kumpoto kwa Mozambique, pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, ndipo cha m'ma 1850 ndi 1860 magulu awo anatsikira kuno, ena pothawa nkhondo ndi njala, ena potsata malonda. Gulu la Amachinga, limene boma lino linatengera dzina, ndilo linakhazikika m'mapiri ano, pansi pa mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Malemia. Anali anthu a ulendo. Ankapita kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa, ku chilumba cha Mozambique ndi ku Quelimane, atasenza minyanga ya njovu ndi fodya, akuyendetsanso akapolo, chinthu chimene sitingachibise pofotokoza mbiri ino. Pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, komanso makhalidwe a kugombeko: mkanjo, kofiya, kukonda mpunga, ndi Chisilamu. Mfumu Makanjira ya kum'mawa kwa nyanja ya Malawi inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena n'kumatsatira. Asilikali a Angerezi atagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, malonda a akapolo anatha, koma chipembedzocho ndiye chinafalikira kwambiri. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa ophunzira amene anamwazikana m'midzi, ndipo kukhala Msilamu kunakhalanso njira yokanira sukulu ndi ulamuliro wa mzungu.

M'Chiyao mowa ndi ukana, ndipo Ayao ankaufulula monga anansi awo onse. Chisilamu chitalowa, funso linali lakuti nanga miyambo yonse ija yodalira mbiya itani. Yankho silinafune kuswa mbiya. Anangoiphula msanga. Thobwa, limene kale linali poyambira chabe pa ulendo wopita ku mowa, linakwezedwa kukhala chakumwa cha ulemu. Pa sadaka yokumbukira omwalira pamaphikidwa mpunga ndi mbuzi kapena nkhuku, thobwa lili m'zidebe pambali. Pa ziyala, pokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, anyamata akatha kuvina sikiri thukuta lili kamukamu, chowabwezera mphamvu ndi thobwa. Ana akamatuluka ku jando ndi ku nsondo m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, atavala zatsopano, mudzi wonse umanunkhira chimera. Sindinena kuti ukana unatheratu, poti aliyense wokulira kuno amadziwa nyumba zomwe mbiya ina inkabisidwa kuseri kwa nkhokwe. Koma pabwalo, pamaso pa anthu, thobwa ndilo linapambana.

Ndipo limayenerana ndi mpunga wa mbuzi mwa njira imene sindinaipeze m'chakumwa china. Mpunga wa m'madambo a Chilwa, kaya faya kaya kilombero, ndi wonunkhira koma wopepuka, ndipo msuzi wa mbuzi ndi wamafuta. Thobwa la mawere, lija lofiirira, logona masiku awiri, lili ndi kuwawasa kokwanira kutsitsa mafutawo, ndi timisere totafuna tomwe timakhutitsa pamene mpunga walephera. Amayi a kuno amadziwa kusiyanitsa thobwa la m'mawa, lotsekemera, lomwera chigumu kapena zitumbuwa, ndi thobwa la paphwando, limene laima pamalire penipeni. Kudziwa malirewo ndi luso, ndipo mayi amene thobwa lake ladumpha malire pa sadaka amakambidwa chaka chathunthu. M'mwezi wa Ramadani dzuwa likalowa, m'mimba mouma simulandira nsima msanga. Amayamba ndi madzi ndi phala, kenaka futali, chinangwa kapena mbatata yophika ndi nsinjiro. Dzina lakelo linachokera kugombe, ku mawu a Chiswahili ndi Chiarabu onena za kumasula swaumu, koma lero futali amadya aliyense, ngakhale amene sadziwa khomo la mzikiti.

Njira ina ya zakumwa inadzera kwa Apwitikizi, ndipo umboni wake uli m'kamwa mwathu momwemu. Mawu akuti vinyo ndi vinho wa Chipwitikizi, anafika limodzi ndi nsapato, kalata ndi mbatata. Kachasu ndi cachaça, mowa wotcheza kuchokera ku nzimbe umene unatchuka ku Brazil, ndipo luso lotcheza linakwera ndi mtsinje wa Zambezi n'kulowa m'midzi. Ngakhale velemoti, botolo limene amayezera kachasu, ndi dzina la vermouth, vinyo wothira zitsamba wa ku Ulaya. Vinyoyo anamwa ena, ife tinalandira botolo lopanda kanthu ndi dzina lake. Chinangwa ndi chimanga nazonso zinaoloka nyanja kuchokera ku America m'zombo za Apwitikizi omwewo. Alomwe atayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji kuyambira cha m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, pothawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, anapatsidwa malo ndi mafumu a Chiyao, nabwera ndi zawo: mowa wawo wa otheka, makaka a chinangwa chouma, ndi kalongonda, nyemba zimene zimafuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimazunguza mutu kuposa mowa. Makaka ophika pamodzi ndi nandolo, thobwa lili pambali, ndi chakudya cha munthu wochokera kumunda, ndipo pa Nsanama, pomwe chinangwa ndi nandolo zili m'munda uliwonse, palibenso amene amafunsa kuti chinabwera ndi mtundu uti.

Kachasu amatcheza ndi zinthu zooneka zachabe. Madeya, shuga ndi madzi zimagona mumgolo masiku angapo mpaka zitasasa. Amazithira mumphika, kumata chivundikiro ndi dothi kapena phala, n'kulowetsa paipi yodutsa m'kabwato ka madzi ozizira. Nthunzi ikazizira m'paipimo imadontha m'botolo. Zoyamba kudontha ndi mutu, umene ukathira pamoto umayaka lawi lobiriwira, ndipo zotsatira zimanka zifooka. Boma la atsamunda linaletsa kachasu, linaletsanso anthu akuda kugula mowa wa azungu, kotero amayi ankatchezera kudambo usiku, khutu lili kwa apolisi. Pa njala ya 1949 boma linaletsa ngakhale kufulula masese pofuna kusunga chimanga, ndipo amene anavutika kwambiri anali amayi omwe ndalama yawo yokha inkachokera mumbiya, amuna ali ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Joni. Ana ambiri a m'dera lino analipiriridwa fizi ndi mbiya ndi paipi, kuphatikizapo ena amene lero amanyoza kachasu paguwa. Fakitale ya shuga itatsegulidwa ku Nchalo cha m'ma 1966, shuga anafika m'magolosale a kumidzi, ndipo kutcheza kunaphweka.

Pano ndiyenera kuwavomereza pang'ono alamu anga. Kachasu alibe chakudya chimene amachikometsa. Amaotcha lilime, ndipo chilichonse chobwera pambuyo pake chimangomveka mchere ndi tsabola. Mang'ina owira usiku wonse, nthumbwana za mbuzi zapachiwaya, kanyenya wothira kambuzi, zonsezi pa kachasu ndi chishango choteteza m'mimba. Omwa akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pamalo otchezera pankakhala mphika wa mang'ina, ndipo wamkulu ankakalipira mnyamata womwa m'mimba mulibe kanthu. Chinaononga zinthu ndi mowa wa m'masacheti. Timapepala tija tinkagulidwa ndi ndalama yosakwana kugula mandasi awiri, tinkalowa m'thumba la yunifolomu ya sukulu, tinkamwedwa choimirira kuseri kwa sitolo popanda mbale, popanda bwalo, popanda wamkulu woti akalipe. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma timabotolo tapulasitiki tinalowa m'malo mwake, ndipo anyamata a kabaza ena amayamba nato tsiku dzuwa lisanatuluke.

Nanga vinyo weniweni, wa mphesa, anafika liti? Anafika kale, koma anakakhala paguwa. Ansembe a chipani cha Montfort anayamba ntchito pa Nzama ku Ntcheu mu 1901, natsegula Utale ku Balaka mu 1908, ndipo patapita zaka dera lino linakhala mu dayosizi ya Mangochi, imene episkopi wake woyamba mu 1973 anali Alessandro Assolari wa ku Italy. Parishi ya Nsanama ili m'dayosizi imeneyi. Lamulo la mpingo limati vinyo wa Misa akhale wa mphesa, ndipo popeza mphesa sizichita bwino m'nyengo yathu, yomwe mvula imagwa nthawi ya kutentha, vinyoyo amachokera kunja. Kwa Akatolika ambiri vinyo anali madontho a m'chikho cha wansembe, oonera patali. A mpingo wa CCAP, omwe mizu yawo kuno ili pa mishoni ya Domasi ya 1884, ankalawako pa Mgonero, kakapu kosakwana kunyowetsa lilime. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, anthu anawerenga za vinyo wa pa ukwati wa ku Kana, koma paukwati wawo ankamwa thobwa. Ife otumikira paguwa tili ana tinkanunkhiza kabotolo kaja pokatsuka, ndipo ena ankapitirira kununkhiza, koma imeneyo ndi nkhani ya ku kulapa.

Tikati tifufuze vinyo wathuwathu, ndiye uchema. M'zigwa zotentha za Shire, kumbali ya Liwonde, Balaka ndi Mangochi, kumene migwalangwa imamera, amadula nsonga ya mtengo n'kumangirira chikho kuti madzi ake azidontheramo. M'mawa uchema ndi wotsekemera, wothwanima pa lilime, woti mwana angalaweko. Pofika madzulo wasasa ndipo umagwetsa munthu wamkulu. Susungika, sungatumizidwe kutali, ndiye sunapeze dzina m'masitolo. Omwe amaudziwa amamwera chambo chootcha pamakala. Masuku a m'mapiri a Machinga ndi Zomba, amene amadzaza misika kuyambira Novembala, anafikako m'botolo: ku Zomba kunkapangidwa vinyo wotchedwa Mulunguzi kuchokera ku zipatso zimenezi. Ku Lilongwe a Linga amapanga vinyo wa zipatso monga jambula ndi chidede. Nditamva khambi la vinyo wa alamu n'kukumbuka jambula, sindinali kutali kwenikweni.

Komabe chakumwa chimene chinagonjetsa Nsanama m'zaka za m'ma 1900 si vinyo, si kachasu, ngakhalenso Carlsberg, amene fakitale yake ya ku Blantyre ya 1968 inali yoyamba kunja kwa Denmark, kapena Chibuku wa m'mapaketi, amene ndi masese ovala yunifolomu. Ndi tiyi. Wolimidwa ku Mulanje kuyambira m'ma 1890, tiyi anapeza kuno anthu okonzeka kale, chifukwa Msilamu amamumwa popanda funso. Tiyirumu inakhala bwalo latsopano. Ogula nandolo, oyendetsa njinga, obwera ndi nsomba kuchokera ku Chilwa ndi ku Chiuta, onse amakumana pabenchi limodzi, kapu yapulasitiki yodzaza mpaka m'milomo, shuga masupuni osawerenga. Naponso pali malamulo osalembedwa. Tiyi wamkaka amafuna sikono kapena buledi wosunsa. Tiyi wopanda mkaka amafuna chinangwa chophika chothira mchere, kapena mbatata. Mupatseni munthu wa kuno tiyi wamkaka ndi matemba muone nkhope yake, ndiye mudzandiuze ngati timangomwa chomwe chapezeka.

Madzulo a tsiku lija tinagula mwendo wa mbuzi pamsika, yozingidwa ndi Msilamu monga mbuzi zonse za pa Nsanama, kuti aliyense adye nawo. Alamu anaphika okha, amayi akuwayang'ana mokayika. Anakazinga anyezi wambiri mpaka kufiira, anathira nyama, tomato ndi paprika wa m'paketi, n'kusiya pamoto wa makala maola awiri. Nsima inali ya mgaiwa. Botolo linatsekulidwa ndi msomali ndi pulayala, poti chotsekulira chake chinatsala ku Joni, ndipo vinyoyo tinagawana anthu anayi m'makapu a tiyi. Ndisaname, ndi mbuzi ija anakoma. Khambi lija linasungunuka, kunatsala kukoma kwa zipatso ndi kafungo ka nkhuni. Mlongo wanga anayesa kumwera matemba otsala masana, nathamangira kuseri kukalavula, akuti akumva ngati wanyambita msomali wadzimbiri. Alamu anaomba m'manja kuti mwaona, ndimanena ine.

Amalume anadya mbale yomweyo, akutsitsira thobwa lawo la mawere. Atamaliza anasamba m'manja, nafunsa ngati a ku Hungary aja amalima mawere. Alamu anati sakudziwa.

"Mukadzapitanso muwatengereko chimera," anatero amalume, akupinda mkeka kuti akaswali.

Botolo lija azakhali analitsuka katatu ndi phulusa ndi madzi otentha, naliyanika chozondotsa pathandala masiku awiri. Pano amasungiramo mafuta ophikira, ndipo mutu wa nkhunzi uja ukuonekabe pang'ono pansi pa zala zamafuta.